Fomu imene anadzaza amalume

Zotsatira za MSCE zikatuluka, funso limakhala limodzi: wapeza mapointi angati? Palibe amene amafunsa kuti mapointiwo abwera bwanji. Chikhalirecho nambala imeneyi imangophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino. Siisiyanitsa phunziro limene mwanayo ankalimva aphunzitsi asanatsirize kufotokoza, ndi limene anachita kulikoka ndi thukuta, kuloweza mapepala a mayeso akale mpaka tambala kulira.

Mtsikana wina wa kwathu anapeza mapointi 11. Chingerezi, Chichewa ndi mbiri yakale zinali kumadzi kwake. Madzulo anzake ankamuzungulira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa hositelo, iye ataima, choko m'manja, akuwafotokozera za John Chilembwe ndi kuukira kwa mu 1915 ngati analipo. Masamu ndi fizikisi anakhoza ndithu, koma ndi mapatitaimu a holide iliyonse, ndiponso misozi.

Itafika nthawi yosankha maphunziro pa fomu ya NCHE, bungwe limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira opita ku mayunivesite a boma, amalume ake, amene ankalipira fizi chiyambire Fomu 1, anaitanitsa fomuyo.

"Iwe, mapointi amenewa ungakagwire nawo choko? Mwana wa mlongo wanga akhala injiniya."

"Koma amalume, masamu amandivuta."

"Akuvuta bwanji poti wakhoza? Mawu a akulu amakoma akagonera."

Mtsikanayo anangoti, "Chabwino amalume," atagwada. Amalumewo sanali munthu woipa. Anaona aphunzitsi akukongola ndalama mwezi usanathe, ndiye ankafuna kuti mwanayo apulumuke. Koma mwanayo atasankhidwa, m'kalasi ya uinjiniya sanakalowemo iwo.

Masamu a uinjiniya salowezeka. Funso la pa mayeso silifanana ndi la m'buku, ndipo phunziro lililonse limatsamira pa linzake: ukaphonya za chaka choyamba, za chaka chachiwiri zimangomveka phokoso. Anzake ankakangana mosangalala za njira yachidule yopezera yankho, iye akadali pa mzere woyamba. Analemba mayeso obwereza n'kupulumuka movutikira. Kenaka anabwereza chaka. Pofika kumapeto kwa chaka chobwerezacho anali ataonda, sankadya, foni ya kumudzi sankayankha. Dzina lake linatuluka pa mndandanda wa ochotsedwa.

Chimene ambiri saganizira podzaza fomu ndi ichi: ngongole ya boma yolipirira maphunziro imayenera kubwezedwa, ndipo siifunsa ngati digiri unaitenga. Zaka zitatu zinapita, ngongole inatsala, ndipo malo amene iye anakhalapo akanakhala a mwana wina wokonda masamu amene anatsala kunja. Chopweteka koposa n'chakuti mwana amene sukulu yonse inkamudalira anayamba kudzitcha mbuli.

Njira zinalipo. Ndi mapointi amenewo akanatha kupempha maphunziro a uphunzitsi ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University. Kuli Domasi ndi Nalikule, makoleji osula aphunzitsi a sekondale. Ndipo wa luso la manja, amene amamasula wailesi n'kuibwezera ikulira, ali ndi Soche, Nasawa, Namitete ndi makoleji ena a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, amene timawanyoza popanda chifukwa pomwe nyumba zathu amaika magetsi ndi ana ochokera komweko.

Lero mtsikana uja akuphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina yapulaiveti. Makolo amachita kupempha kuti ana awo akhale m'kalasi mwake, koma malipiro ndi ochepa chifukwa alibe pepala la uphunzitsi. Akusunga pang'onopang'ono kuti ayambirenso, uku anzake amene analemba nawo mayeso ali pa ntchito kalekale.

Mlongo wake wamng'ono akulemba Fomu 4 chaka chino. Mnyamatayo amanjenjemera akaona magazi, ngakhale a nkhuku, koma amalume ayamba kale kuuza anthu kutchalitchi kuti m'banjamo mukubwera dokotala.