Phunziro 27: Cithunzi Coonetsa Kubvunda kwa Pakati pa Mano

Ana inu, mudziwa nchito ya ciswe. Cimalowa mu mzati wa nyumba ndi kudya m'kati, koma kunja mtengo uoneka wabwino ndithu, ndipo mwini nyumba azindikira tsiku limene denga lapendekeka. Momwemonso kubvunda kwa mano, makamaka kumene kuyamba pakati pa mano awiri ogundana.

Munthu wamkuru ali nao mano 32, koma mano oyamba a mwana ali 20. Dzino liri lonse liri nazo mbali zitatu. Kunja kuli cikuto coyera, ndico colimba koposa zonse za m'thupi la munthu, coposa ndi fupa lomwe. Pansi pa cikuto pali mbali yofewerapo, yonga mnyanga wa njobvu. M'kati mweni mweni muli mtima wa dzino, momwe mupita mitsempha ya mwazi ndi mitsempha yomvera ululu.

M'kamwa mwathu mukhala tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Tikapeza shuga wotsalira pa mano, timsanduliza asidi, ndiwo madzi owawasa akusungunula cikuto pang'ono pang'ono. Pakati pa mano ndipo pokoma kwa tizirombo timeneti, pakuti mswaci sufikapo bwino, ndipo dotolo wa mano, angakhale ayang'ane ndi kalilole wace, sakhoza kuona pamene dzino lakhudzana ndi linzace. Ndiponso cikuto ciribe mitsempha, cifukwa cace munthu samva kanthu poyamba. Ululu ufika mocedwa, dzenje litakula kale.

Nanga cobisika cotere cidziwika bwanji? Pa 8 Novembala 1895, Wilhelm Röntgen, mphunzitsi wa sukulu yaikuru ya ku Würzburg m'dziko la Germany, anapeza ceza cacilendo cosaoneka ndi maso, cimene cipyola pepala, thabwa ndi mnofu. Posadziwa mtundu wace, anacicha X, ndipo kufikira lero cichedwa X-ray. Atajambula naco dzanja la mkazi wace, mafupa a zala ndi mphete zinaoneka poyera. M'caka ca 1901 analandira mphotho ya Nobel cifukwa ca nchito imeneyi.

Madotolo a mano sanacedwe. Kuciyambi kwa caka ca 1896, Otto Walkhoff wa ku Braunschweig anaika kagalasi kojambulira m'kamwa mwace, nakhala cete mphindi 25 kuti mano ace ajambulidwe. Koma masiku amenewo anthu sanadziwe kuti ceza cimeneci cikacuruka cipweteka thupi. Edmund Kells, dotolo wa mano wa ku New Orleans m'dziko la America, anazolowera kuika manja ace m'cezaco zaka zambiri. Zala zace zinacita zironda zosapola, kufikira anamdula mkono. Anthu otere ndiwo anaphunzitsa anzao kucenjera.

M'caka ca 1925 dotolo wina wa ku America, dzina lace Howard Raper, anaonetsa njira yabwino yopenyera pakati pa mano. Anamata kaphiko pa kapepala kojambulira. Munthu aluma kaphikoko, ndipo kapepala kaimirira m'kamwa ku mbali ya lilime, kotero kuti mano otafunira, a m'mwamba ndi a m'munsi, ajambulidwa pamodzi. Njira yomweyo ndiyo igwira nchito lero lino, koma makina a tsopano atha nchito yao munthu asanaphethire kawiri, ndipo ceza cace ndi cocepa ndithu. M'zipatala zambiri cithunzi cituruka pa kompyuta nthawi yomweyo. Cinkana citero, dotolo sajambula wamba, koma pokhapo pamene pali cifukwa. Ndipo iye mwini aima patali kapena kuseri kwa khoma, pakuti ajambula anthu ambiri tsiku ndi tsiku.

Tsono taonani kawerengedwe ka cithunzico. Ceza cipyola zofewa mosabvuta, koma zolimba zicitsekereza. Cifukwa cace cikuto colimba cioneka coyera pa cithunzi, ndipo pamene asidi wasungunula paoneka kabanga kakuda, kawiri kawiri ka ngondya zitatu, m'mphepete mwa dzino pafupi ndi pamene ligundana ndi linzace. Dotolo wanzeru akumbukila kuti kubvunda kumalowa m'kati koposa m'mene cithunzi cionetsera, ndipo aweruza mosamala.

Phindu lace ndi ili. Ngati kabangako kali m'cikuto mokha, ndipo dzenje lisanaboke, kubvunda kukhoza kuletsedwa popanda kuboola dzino. Dotolo apakapo mankhwala ochedwa fluoride, akulimbitsa cikuto, nalangiza munthu kucepetsa zotsekemera ndi kutsuka pakati pa mano ndi ulusi wace wa nchitoyo. Kukafika ku mbali yonga mnyanga ndi kukumba dzenje, apala pobvundapo ndi kumata. Koma kukalowa mu mtima wa dzino, ululu ukhala waukuru, tsaya litupa, ndipo nthawi zambiri dzino lizulidwa. Dzino la ukulu likazulidwa silimeranso.

Akuru anati, "M'mera m'poyamba." Cifukwa cace musayembekeze ululu, pakuti ululu ndiwo mthenga wofika m'mbuyo. Tsukani mano m'mawa ndi madzulo, musanyambite shuga tsiku lonse, ndipo mukapeza mwai wakuonana ndi dotolo wa mano, musaope makina ace.

MAFUNSO

1. Chulani mbali zitatu za dzino.
2. Cifukwa ninji munthu samva ululu pamene kubvunda kuyamba?
3. Anapeza X-ray ndani, ndipo m'caka citi?
4. Pobvunda paoneka potani pa cithunzi, ndipo cifukwa ninji?
5. Pali phindu lanji pakuzindikira kubvunda msanga?