Phunziro 18: Nthano za Agogo ndi Maseŵera Atsopano

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ana akadya nsima yamadzulo amasonkhana pamoto kwa agogo awo. Agogo akati, "Padangotelo," ana amavomera kuti, "Tili tonse." Pamenepo ulendo wayamba. Matupi awo amatsala pamoto pomwepo, koma maganizo amaloŵa m'dziko lina, kumene nyama zimalankhula ndiponso mwana wamasiye amagonjetsa chilombo chomwe chinameza mudzi wonse.

Masiku ano kuli njira inanso yoloŵera m'dziko lotere. Munthu amavala chipangizo chophimba maso, chonga magalasi aakulu. M'kati mwake mumaoneka zithunzi za kompyuta, diso lililonse chithunzi chake. Akatembenuza mutu zithunzizo zimatembenukanso, kotero kuti amaona ngati alidi m'phanga kapena pankhondo. Iye sangomvetsera nthano ayi, koma amasanduka mwini nkhani.

Olemba mabuku a achinyamata alembapo za maseŵera ameneŵa. Mu 2011 Ernest Cline wa ku America anatulutsa buku lotchedwa Ready Player One, ndipo mu 2018 Steven Spielberg anapanga kanema wa bukulo. Nkhani yake ndi ya mnyamata wamasiye, Wade Watts, amene amathaŵa umphaŵi wa kwawo poloŵa m'maseŵera kukafunafuna makiyi atatu obisika. Makiyiwo anawapeza, koma anazindikiranso kuti anthu ambiri aiŵala abale awo chifukwa cha maseŵerawo. Nchifukwa chake kumapeto kwa kanemayo iye ndi anzake analamula kuti maseŵerawo azitsekedwa Lachiŵiri ndi Lachinayi.

Nzeru imeneyi makolo a Acheŵa anali nayo kale. Iwo ankaletsa kukamba nthano masana, pakuti masana ndi nthaŵi ya kumunda, kudambo ndi pamtondo. Ndiponso nthano ikatha agogo amati, "Kaphuleni mbatata," ana nkuyankha kuti, "Yapserera." Mawu ameneŵa amabweza ana kuchokera ku dziko la zilombo, ndi kuwakumbutsa kuti kunja kwada.

Magalasi aja ndi okwera mtengo, koma maseŵera a pafoni anafika kale ku Mponela ndi pa boma la Ntchisi. Maseŵera otere amanola maganizo, koma alibe agogo onena kuti, "Basi, kagoneni." Mwana amene sadziikira yekha malire amagona mochedwa, amasinza m'kalasi, ndipo mbuzi zomwe anamtuma kudyetsa zimaloŵa m'munda wa eni. Paja akulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Mafunso
1. Kodi ana amavomera chiyani nthano ikamayamba?
2. Fotokozani mmene chipangizo chophimba maso chimagwirira ntchito.
3. Nchifukwa chiyani maseŵera a m'kanema uja ankatsekedwa masiku aŵiri pa mlungu?
4. Kodi mwambi uli kumapeto kwa nkhaniyi ukuphunzitsa chiyani?

Ntchito
Pemphani agogo kapena munthu wina wachikulire kuti akukambireni nthano imodzi. Maŵa mudzaikambe m'kalasi.