Dzino la mwana labowoka, apongozi akuti adzamera ena

FUNSO

Adokotala, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Migowi m'boma la Phalombe ndipo ndimagulitsa mandasi ndi mafirizesi pamsika. Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 6 ndi miyezi ingapo. Mano ake akutsogolo anayamba kuda ali ndi zaka zitatu, kenako n'kumabenthuka pang'onopang'ono. Sindinadandaule poti aliyense ankati adzagweluka okha, adzamera ena. Pano dzino lakumbuyo labowoka, usiku sagona, ndipo mwezi watha tsaya linatupa masiku angapo kenako n'kuphwa lokha. Apongozi anga akuti m'dzinomo muli kachilombo, tingoikamo Aspirin kafe. Zokazula akukaniza, ati mwana angawonongeke maso. Komanso khanda langa la miyezi 8 likutsegula m'mimba, ndipo anthu akuti ndi mano akumera. Ndithandizeni, ndimvere ziti?

Mayi wodandaula, Migowi

YANKHO

Mwa zonse zimene mayiwa alemba, chosadikira ndi tsaya lija. Kuphwa kwa chotupa si kuchira. Bowo likalowa mpaka pa mtsempha wa m'kati mwa dzino, mtsemphawo umafa ndipo mafinya amasonkhana kunsonga kwa muzu. Akapeza potulukira, kawirikawiri kachithupsa kakang'ono pa nkhama pafupi ndi dzinolo, tsaya limaphwa, mwana amagona, mitima ya makolo n'kukhala pansi. Koma gwero la mafinyawo limakhala lili pompo, ndipo tsiku lina tsayalo lidzatupanso. Mwanayu aonedwe ndi a zamano sabata yomwe ino.

Pali zizindikiro zina zosalola n'kudikira mawa komwe. Kutupa kukakwera kufika m'munsi mwa diso kapena kutsikira kukhosi, mwana akatentha thupi, akamalephera kuyasamula kapena kumeza malovu, ulendo wa kuchipatala ndi wa nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Mwayi wa mayiwa ndi woti sakufunika ndalama zambiri za kabaza. Phalombe inakhala boma payokha mu 1998, koma inatha zaka zoposa 20 ilibe chipatala chachikulu cha boma, anthu akudalira Holy Family, chipatala cha mpingo wa Katolika. Chipatala chatsopano, chomwe chinatsegulidwa mu 2022 n'kupatsidwa dzina la John Chilembwe, chili pa Migowi pomwepo, ndipo thandizo la m'zipatala za boma ndi laulere. Amene amagwira ntchito ya mano m'zipatala za m'maboma nthawi zambiri ndi ma dental therapist, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo kuzula, kumata ndi kutsuka mano ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Madokotala a mano a digiri ndiwo akhala osowa: pamene College of Medicine, yomwe lero ili mu Kamuzu University of Health Sciences, inkayamba kuwaphunzitsa mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, dziko lonse linali ndi osakwana 50. Anthu ochepawa amalandira odwala amene afika dzino litatheratu, n'chifukwa chake Amalawi ambiri amaganiza kuti kuchipinda cha mano kumangozulidwa basi.

Tsopano za "adzamera ena". Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, ndipo choonadi chochepacho ndi chimene chimapusitsa makolo. Mwana amamera mano oyamba 20, kuyambira cha pa miyezi 6 mpaka zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu. Akutsogolo amagwelukadi cha pa zaka 6 kapena 7, koma otafunira akumbuyo amakhala mpaka zaka 10, 11 ngakhale 12. Ngati dzino lobowokali lili limodzi mwa amenewa, kudikira kuti ligweluke lokha n'kuuza mwana wa Sitandade 1 kuti apirire ululu ndi mafinya mpaka Sitandade 5 kapena 6. Ndipo kunsi kwa dzino lililonse loyamba kuli dzino lokhalitsa lomwe likukhwima. Mafinya a pamwamba amatha kulisiyira mawanga kapena kulilemaza lisanatuluke n'komwe.

Koma pali china choopsa kwambiri. Pa zaka 6, msinkhu wa mwanayu, kumbuyo kwenikweni kwa mano onse oyamba kumamera dzino lalikulu lotafunira, limodzi mbali iliyonse, m'mwamba ndi m'munsi, anayi onse pamodzi. Limatuluka mwakachetechete, popanda lina kugweluka, moti makolo ambiri amaliwerengera m'gulu la mano aumwana. Limeneli ndi la moyo wonse. Likapita, lina silidzamera pamenepo.

Mayiwa angathe kudzionera okha madzulo ano. Amukhazike mwana pakhonde poyang'ana kuwala, ayasamule, ndipo awerenge kuchokera pakati pa mano akutsogolo kupita kumbuyo, osaiwala kuwerengera malo a dzino lomwe lagweluka kale. Mano asanu oyambirira mbali iliyonse ali pa malo a mano aumwana. Ngati kumbuyo kwa lachisanu kuli lachisanu ndi chimodzi, lokulirapo, la mtundu wopita kuchikasu pang'ono ndiponso la timikwasa tozama pamwamba, limenelo ndi lokhalitsa. Bowo likakhala pa limeneli, a zamano amayesetsa kulipulumutsa, ndipo sabata iliyonse yochedwa imachepetsa mwayiwo.

Apongozi sanalakwe zonse. M'kamwa mulidi tizilombo, kungoti si kanyongolotsi kobisala m'bowo koti n'kukapha ndi piritsi. Ndi mabakiteriya osaoneka ndi maso, amene amakhala mu zoterera zoyera zija zimakanirira m'mbali mwa nkhama munthu akapanda kutsuka. Chakudya chawo ndi shuga. Akadya amatulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amasungunula chigoba cholimba cha dzino. Malovu amabwera pambuyo kudzachotsa asidi ndi kubwezeretsa pamene pasungunuka, koma ntchitoyi imafuna theka la ola kapena kuposerapo. Choncho chowononga kwambiri si kuchuluka kwa shuga pa nthawi imodzi, koma kubwerezabwereza. Mwana amene wamwa tiyi wa masupuni atatu m'mawa, firizesi popita kusukulu, switi pa buleki, mandasi pobwera, Sobo masana ndi nzimbe madzulo, mano ake sanapume tsiku lonse.

Apa mayi a ku Migowi asadziimbe mlandu. Mwana wa wogulitsa mafirizesi amakulira pambali pa kula bokosi, ndipo palibe mayi amene angamane mwana wake chimene akugulitsa kwa ana a eni. Sakupemphedwa kusiya geni. Chofunika n'choti zotsekemera zibwere pamodzi ndi chakudya, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndipo pakati pa zakudya mwana apatsidwe madzi, mtedza, chimanga chootcha, mbatata, peyala kapena nthochi. Usiku ndiye osayerekeza, poti munthu akagona malovu amachepa ndipo shuga amagona m'mano mpaka kucha. Mano akutsogolo amene anada pa zaka zitatu aja kawirikawiri amakhala chizindikiro cha botolo kapena kapu ya zotsekemera yomwe mwana ankagona nayo. Bungwe la WHO limalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asapatsidwe n'komwe zakudya ndi zakumwa zothira shuga, uthenga wovuta kuufikitsa m'dziko lomwe phala lopanda shuga limaoneka ngati chilango.

Vutoli si la pa Migowi pokha. Kafukufuku wa dziko lonse yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016 anapeza kuti mwa ana a sukulu a zaka 12 ndi 15, mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi dzino lowola, ndipo mwa akuluakulu a zaka 35 kupita m'mwamba anali pafupifupi theka.

Aspirin asalowe m'kamwa mwa mwanayu. Piritsi loikidwa pa dzino silifika pa mtsempha, limangootcha nkhama ndi tsaya n'kusiya chilonda choyera. Ngakhale womeza, Aspirin sapatsidwa kwa ana osakwana zaka 16 pokhapokha dokotala atalamula, chifukwa amatha kuyambitsa nthenda yoopsa ya chiwindi ndi ubongo. Poyembekezera kupita kuchipatala, Panado wa muyeso wa msinkhu wake ndi wokwanira. Makapisozi ogula pa benchi amaphwetsa tsaya kwa kanthawi, koma dzino lakufa silimva mankhwala.

Za maso, palibe mtsempha wa dzino umene umathandiza diso kuona, ndipo kuzula dzino lam'mwamba sikuchititsa khungu. Chimene chingafike kudiso ndi mafinya a dzino losiyidwa.

Si dzino lililonse lobowoka limene limazulidwa. Bowo likakhala losazama, limakokoledwa ndi tizitsulo ta m'manja n'kumatidwa ndi simenti yapadera yotchedwa glass ionomer, popanda makina obowolera kapena magetsi. Njirayi inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2021 WHO inaika simentiyi, pamodzi ndi mankhwala otsukira mano a fluoride, pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Koma dzino loyamba lomwe latupitsa kale tsaya nthawi zambiri limazulidwa, ndipo kutero n'kuteteza lomwe lili kunsi.

Kutsuka kwake n'kosavuta, koma ambiri amaphonya pa tinthu ting'onoting'ono. Kawiri pa tsiku, ndipo kofunika koposa ndi kwa usiku, mwana atadya komaliza. Mankhwala otsukira, omwe ambiri amangoti Colgate, akhale a fluoride. Pa chubu pamalembedwa nambala, ndipo yoyenera ndi ya pakati pa 1000 ndi 1500 ppm. Mwana wosakwana zaka zitatu amangopakiridwa kofanana ndi njere ya mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 kofanana ndi njere ya nandolo, moti chubu chimodzi chimatha miyezi. Akatha alavule basi, asachukuche ndi madzi, kuti fluoride atsale pa mano. Mpaka zaka 7 kapena 8 dzanja la mwana silifika bwino kumbuyo, ndiye wamkulu aziima kumbuyo kwake, mutu wa mwana utatsamira pamimba pake, n'kumutsuka yekha mano akumbuyo aja. Mswachi wa mtengo wotafunidwa bwino kunsonga umachotsa zoterera, ndipo ungapakidwenso mankhwala omwewo. Makala, phulusa ndi mchenga zimayeretsa lero koma zimapala chigoba cha dzino, chomwe sichimeranso. Aliyense akhale ndi mswachi wake.

Owerenga ena angafunse za ana a mano a mawanga ofiirira koma olimba, osapweteka. Amenewo nthawi zambiri si owola. Amabwera chifukwa cha fluoride wochuluka m'madzi a mijigo ina, monga zadziwika ku Nathenje ku Lilongwe ndi madera ena a Machinga, komwe madzi ena amapyola muyeso wa WHO wa mamiligalamu 1.5 pa lita. Kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Koma mano a mwana wa m'kalatayi akuda n'kumabenthuka, ndipo uko n'kuwola.

Khanda la miyezi 8 nalo lisanyozeredwe. Kumera mano kumachititsa dovu, kuyabwa kwa nkhama ndi kulira, koma sikutsegulitsa m'mimba. Zimangokumana pa msinkhu umodzi: mwana wayamba kukwawa, akutola chilichonse n'kuika kukamwa, wayamba phala ndi madzi, ndipo chitetezo chimene anabadwa nacho chikuchepa. Apatsidwe Thanzi ORS ndi zinc kwa masiku amene azaumoyo anene, apitirize kuyamwa, ndipo akafooka, maso akalowa m'kati, liwombo likalowa kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, athamangire naye kuchipatala. Mano ake, ngati atuluka kale, ayambe kutsukidwa usiku uno ndi kamswachi kofewa.

Pa tsiku la ulendo, mwana wa zaka 6 uja adye kaye m'mawa, poti akabayidwa jakisoni wa dzanzi sadzatha kudya kwa maola angapo. Mayi atenge buku lake la kuchipatala, anene mankhwala onse amene mwana wamwa ndi amene anaikidwa pa dzino, ndipo asamuopseze m'njira ndi nkhani za jakisoni. Kukakhala kotheka apongozi apite nawo, akafunse okha za maso ndi kudzionera muzu wa dzinolo likazulidwa. Pambuyo pake mwana alume thonje kwa theka la ola, ndipo wamkulu amuyang'anire kuti asatafune mlomo kapena tsaya dzanzi lisanathe. Tsiku limenelo asachukuche kapena kugwiragwira pabala, adye phala lozizirira, ndipo kuyambira mawa lake azichukucha pang'onopang'ono ndi madzi ofunda a mchere akatha kudya. Magazi akapanda kusiya, kapena kutupa kukamakula patatha masiku awiri, abwerere naye kuchipatala.