Phunziro: Atatu Amene Amakhala mwa Ife

Kuwerenga: Yohane 14:15-23

Lamulungu lotsatira Pentekoste timakumbukira Utatu Woyera. Tinene zoona, ambiri a ife tsikuli timaliona lovuta, chifukwa nkhani yake imamveka ngati masamu: Mulungu mmodzi, koma Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Mwana akatifunsa kunyumba timathamangira ku mafuwa atatu onyamula mphika umodzi. Fanizoli ndi lothandiza poyambira, koma limaperewera. Fuwa limodzi ndi gawo chabe, pamene Mwana ndi Mulungu wathunthu, Mzimu nayenso ndi Mulungu wathunthu.

Nkhaniyi inavutitsa Mpingo kalekale. Wansembe wina wa ku Alexandria, dzina lake Arius, ankaphunzitsa kuti Mwana ndi wolengedwa. M'chaka cha 325 mabishopu anasonkhana ku Nicaea nakana chiphunzitsocho, ndipo mu 381 ku Constantinople anafotokoza bwino za Mzimu Woyera. Chikhulupiriro chimene timanena pa Misa, ife pamodzi ndi abale athu Akatolika, chinachokera kumeneko. Sankakangana zachabe ayi. Ngati Mwana ndi wolengedwa, ndiye kuti amene anatifera pamtanda anali wotumidwa chabe, Mulungu mwini wake atakhala patali.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992 amaika Utatu pakati penipeni pa chikhulupiriro ndi moyo wa Mkhristu, ndipo amautcha chinsinsi. Mawuwa sakutanthauza kuti Mulungu akutibisira kanthu. Ndi choonadi chimene sitikanachidziwa patokha Iye akanapanda kutiululira, ndipo nzeru zathu sizingachimalize.

Nanga zimenezi zimamukhudza bwanji mayi amene amadzuka kusanache kukatunga madzi? Apa tiphunzire kwa sisitere wa Chikatolika wa ku France, Elizabeth wa Utatu Woyera. Anabadwa mu 1880, analowa m'nyumba ya masisitere a Carmel ku Dijon mu 1901, ndipo anamwalira mu 1906 atadwala kwambiri, ali ndi zaka 26 zokha. Papa Francis anamuika m'gulu la oyera mu 2016. Moyo wake wonse unatsamira pa lonjezo la m'ndime 23 ya kuwerenga kwathu, loti Atate ndi Mwana amadzamanga mokhalamo mwa munthu wokonda Yesu. Ankakhulupirira kuti kuyambira pa ubatizo mtima wake ndi nyumba ya Atatuwo.

Wina anganene kuti n'zosavuta kwa sisitere, alibe mwana wolira usiku kapena fizi yofunika mawa. Ifenso tinaganiza choncho poyamba. Koma Elizabeth anali ndi mng'ono wake wokwatiwa, Marguerite, amene pa nthawiyo anali ndi ana awiri aang'ono, ndipo zina mwa zolemba zake zozama analembera mayi ameneyu. Sanamuuze kuti asiye ana kuti akapeze Mulungu. Anamuuza kuti ngakhale ali pakati posamala anawo angathe kutembenukira mumtima mwake, pakuti Atatuwo ali momwemo kale.

Tili ndi amayi m'magulu athu amene amadziimba mlandu kuti sapemphera mokwanira. Agogo akulera adzukulu amasiye, mayi wakhala sabata yonse akudikirira matenda kuchipatala, wina geni yake imamuweruka mdima utagwa. Ena anasiya kubwera ku Umodzi wa Amayi chifukwa cha manyazi, poganiza kuti Mulungu anawachokera. Tikapita kukawachezera, kodi timayamba ndi kuwafunsa chifukwa chimene sakuonekera, kapena kuwakumbutsa za ubatizo wawo?

Zokambirana m'gulu: Kodi ndi nthawi iti pa tsiku, pophika, pochapa kapena m'minibasi, imene tingakhale chete pang'ono ndi kutchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera? Ndani m'gulu lathu amene sitinamuone kuyambira Pasaka, ndipo apite kwa iye ndani sabata ino?