ADANI A KAMBOZI KA MATIMATI

Kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, m'boma la Chongwe, kuli malo dzina lace Palabana. Anthu a kumeneko amaweta ng'ombe za mkaka, nalimanso ndiwo zamasamba. Matimati ao amapita ku msika wa Soweto m'Lusaka, ndipo ndalama zace ndizo zigula sopo, zobvala ndi mabuku a ana a sukulu.

M'caka ca 2016 munalowa mdani watsopano m'minda ya matimati ya m'Zambia, ndiye Tuta absoluta. Kwao ndi ku South America. Anaoneka ku Spain m'caka ca 2006, nafalikira m'maiko ambiri a m'Afrika.

Mdaniyu ndi kagulugufe kotuwa kouluka usiku, kotalika ngati njere ya mpunga. Kakakazi kamodzi kakhoza kuikira mazira okwana 260. Dzira likaswa, kambozi kaboola tsamba, nikalowa pakati pa khungu la pamwamba ndi la pansi, nikadya m'kati momwemo. Tsamba licita mawanga oyera, pambuyo pace liuma ngati lapsa ndi moto. Kambozi kalowanso m'zipatso, ndipo zipatsozo ziola. Pa nyengo yotentha, mwezi umodzi ukwanira kuti dzira lisanduke kagulugufe koikira mazira ena.

Poona izi alimi anathamangira mankhwala opopera. Koma kambozi kakhala m'tsamba monga munthu wousa mvula m'nyumba, ndipo mankhwala ambiri sakafika kumene kali. Timbozi tina tinazolowera mankhwalawo, osafanso. Coipa coposa cinali cakuti mankhwala anaphanso tizirombo timene tidya timbozi.

Colengedwa ciri conse ciri ndi mdani wace. Khoswe aopa mphaka, ndipo mwanapiye aopa kabawi. Kagulugufe aka kanacuruka msanga m'Afrika cifukwa kanasiya adani ace ambiri kwao. Cotero anthu ophunzira za tizirombo anaganiza zokatenga adaniwo. M'caka ca 2017 bungwe la icipe, la ku Nairobi m'dziko la Kenya, linatenga timabvu tating'ono ku Peru, dzina lace Dolichogenidea gelechiidivoris. Atatiyesa bwino, anatimasula m'minda ya ku Kirinyaga m'caka ca 2020. Timabvuti sitiluma anthu. Kakakazi kafunafuna kambozi m'tsamba, nikaikira dzira m'thupi mwace. Kamphutsi koswa m'dziramo kadya kambozi m'kati kufikira katafa.

Ku Spain alimi amaika m'matimati ao kacirombo kobiriwira, dzina lace Nesidiocoris tenuis, kamene kayamwa mazira ndi timbozi tating'ono. Koma kafunika kukayang'anira, pakuti timbozi tikatha kayamba kuyamwa mtengo wa matimati womwewo.

Nzeru yotere si yacilendo m'Zambia. M'zaka za m'ma 1980 tizirombo toyera toyamwa cinangwa tinaononga minda yambiri, ndipo timabvu tina tocokera ku South America ndito tinacepetsa bvutolo.

M'munda wa ku Palabana muli kale athandizi osalira malipiro, monga akangaude ndi nyerere zodya timbozi. Mlimi wanzeru awasunga. Ayendera munda wace kawirikawiri, nathyola masamba a mawanga, nawakwirira m'dzenje lakuya. Akatha kukolola azula mitengo yakale naitentha. Pamalopo sabzalapo impwa kapena mbatata zacizungu, cifukwa kambozi kadya zimenezinso, koma abzala cimanga kapena anyezi. Kupopera kukafunika ndithu, ayamba wafunsa mlangizi wa zaulimi za mankhwala osapha athandizi ace, monga aja a Bacillus thuringiensis. Ndipo popeza kagulugufe sikadziwa malire a munda, alimi oyandikana ayenera kupangana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

MAFUNSO

1. Kodi Tuta absoluta anacokera kuti, ndipo anafika liti m'Zambia?
2. Cifukwa ninji mankhwala ambiri alephera kupha kambozi?
3. Fotokozani m'mene timabvu ta ku Peru tiphera timbozi.
4. Chulani mbeu ziwiri zoyenera kubzala pamene panali matimati.
5. Pitani ku dimba la sukulu, mukafune tsamba la mawanga oyera. Liyang'aneni pa dzuwa, ndipo mujambule cimene muona.