Kuphunzira za Ula ndi Matsenga Tili Akuluakulu

Ambiri a ife tinakula tikumva za ula ndi matsenga monong'onezana. Kodi munthu wamkulu angaphunzire zimenezi popanda kuyamba kuzikhulupirira? Inde. Kufufuza choonadi patokha kumafuna kuti timvetse chinthu tisanachiweruze.

Mu 1937, E. E. Evans-Pritchard wa ku Britain anatulutsa buku lofotokoza za Azande, anthu amene anakhala nawo kummwera kwa Sudan. Iwo akafuna kudziwa gwero la tsoka, ankamwetsa nkhuku poizoni wotchedwa benge n'kufunsa funso. Kufa kapena kupulumuka kwa nkhukuyo ndilo linali yankho. Kwathu kuno tikukumbukira mwavi, umene ankamwetsa anthu enieniwo, ambiri n'kufa nawo.

Iye anapereka chitsanzo cha nkhokwe yogwera anthu amene akupuma pamthunzi pake. Azande ankadziwa bwino lomwe kuti chiswe ndicho chafumba mizati. Funso lawo linali lina: bwanji yagwa nthawi imene anthu amenewa anali pansi pake?

Funsoli ndi la mtima wosweka, ndipo nafenso timalifunsa pamaliro. Choopsa chimayamba tikafuna kuti yankho likhale dzina la munthu. Apo m'pamene agogo osalakwa amamenyedwa kapena kupirikitsidwa pamudzi. 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti chipembedzo chikasemphana ndi sayansi ndi kulingalira, chimasanduka zikhulupiriro zopanda maziko.

Tikambirane:

1. Kodi kuphunzira za ula kumasiyana bwanji ndi kukaombeza?
2. Anamfedwa akatifunsa kuti "wachita izi ndani?", tiwayankhe chiyani chowatonthoza popanda kuloza munthu chala?