Dziwani Ufulu Wanu: Damu la M'mudzi ku Luangwa

Ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, madzi ndi ambiri, koma kumadooko kuli ng'ona. M'midzi yakutali ndi mitsinjeyi, kwa Mburuma ndi kwa Mphuka, mvula imavuta, ndipo chilala cha 2024 chidaonetsa kufunika kwa madamu adothi osunga madzi a ziweto ndi madimba.

Lamulo la madzi la 2011 limalola munthu aliyense kutunga madzi akumwa, ophikira ndi ochapira popanda chilolezo. Koma wofuna kutseka mtsinje ndi khoma ayenera kupempha chilolezo ku bungwe loyang'anira madzi la WARMA, ndipo okhala kumunsi ali ndi ufulu wokaperekako dandaulo lawo.

Damu losasamalidwa limaononga. Mu December 2020 damu la Kandesha ku Mumbwa lidaphulika, madzi n'kugwetsa nyumba za anthu.

Zizindikiro zoti damu likuonongeka zimaoneka msanga: ming'alu pakhoma, zulu za chiswe, mitengo yomera pamwamba, madzi amatope otuluka kunsi kwa khoma, ngalande yotayira madzi itatsekeka. Woona izi akauze mfumu, khansala kapena ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DMMU paboma. Anthu angapemphenso kudzera m'komiti ya chitukuko ya wadi kuti ndalama za thumba la chitukuko la CDF zikonzere damulo dzinja lisanafike.